Tizikombole ta Ida

Ida atamwalira, abale ake anabwera kudzagawana zovala zake monga mwa mwambo. Anayala mphasa pabwalo n'kutulutsa zonse: zitenje, madiresi, nsapato, mipango, ngakhale ambulera yothyoka nthiti ziwiri. Ine ndinakhala pampando n'kumangoyang'ana. Atafika pa chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa bedi, ndinanyamuka, n'kuchitenga, n'kubwerera nacho pampando.

"Alamu, zimenezo ndi za akazi," anatero a Phyllis, akulu ake a Ida.

"Eya."

"Ndiye bweretsani."

"Ayi."

"Mukufuna muziumbira njerwa za nyumba za nyerere?"

Amayi onse anaseka. Chitini sindinapereke.

Ntchito yanga ndi youmba njerwa, kuno ku Phwezi. Ya Ida inali yokonza zikhadabo za akazi pakhonde pathu. Ankabwera aphunzitsi a kusekondale, anamwino, ndi akazi a m'maofesi a ku boma. M'chitinimo munali zida zake zonse: ufa wapinki wotchedwa akiriliki, botolo la mankhwala amadzi onunkha mpaka kumsewu, burashi, fayilo, thonje, sipiriti, ndi tizikombole ta pulasitiki toonekera mkati, tooneka ngati makoko a nandolo, kalikonse ndi nambala yake. Ida ankanyika burashi m'mankhwala n'kuigunditsa pa ufa. Pansonga pa burashi pankatuluka kampira kofewa. Kampirako ankakayala m'kachikombole, n'kukadinda pa chikhadabo cha munthu. Zikauma, kachikombole kankachoka, pachala n'kutsala chikhadabo chachitali, chosalala ngati mbale yatsopano. Tizikomboleto ankatigwiritsanso ntchito kambirimbiri. Wotitsuka ndinali ine, ndi mswachi wakale, zaka zisanu ndi chimodzi.

Koma chimene ndinakanizira chitini sichinali ufa kapena burashi. Pansi pa thonje panali kathumba ka pulasitiki, kaja amaikamo mapiritsi kuchipatala. Munali tizikombole khumi. Pamalo polemba dzina la mankhwala, Ida analembapo kuti: Mtende, ukwati.

Mtende ndi mwana wathu mmodzi yekhayo. Ida anamuyeza zala akudwala kale, kutatsala miyezi iwiri kuti amwalire. Nthawi imeneyo mwanayo analibe ndi chibwenzi chomwe, choncho anangoti mayi ake akusewera. Atachoka, Ida anandiuza kuti: "Mwamuna adzapezeka, bambo a Mtende, koma zala ndi zomwezi. Ndikapanda kufika, timeneti tidzagwire ntchito pa zala za mwana wanga, pakhonde pano. Mwamva?"

"Eya."

"Eya wanu ndimamudziwa. Mwamva?"

"Ndamva."

Mwamuna anapezekadi, patapita chaka ndi theka. Akuzike, mnyamata wa ku Ntcheu, wogwira ntchito ya ulangizi wa ulimi ku boma. Munthu waulemu, wogwada popereka moni, woyesetsa Chitumbuka ngakhale chimamuthawa. Ukwati unaikidwa Loweruka lachiwiri la Okutobala. A Phyllis ndiwo anasankhidwa kuyang'anira zovala ndi maonekedwe a mkwatibwi. Anadzisankha okha, ena n'kuvomera.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, komiti ya ukwati inakumana pakhonde pathu masana. Anakamba za nkhuku, za mpunga, za matenti. Kenako a Phyllis anati:

"Lachisanu la sabata yamawa ndimutenga mwanayu tipite ku Mzuzu. Tsitsi, nkhope, zikhadabo, zonse komweko."

"Zikhadabo ayi," ndinatero.

Onse anatembenuka. Aka kanali koyamba kuti ndiyankhule pa misonkhano inayi.

"Mwati chiyani, alamu?"

"Zikhadabo zidzakonzedwa pano."

"Ndi ndani?"

"Ine."

Mayi wina amene ankamwa tiyi anatsamwa. A Phyllis anandiyang'ana manja. Manja anga ndi a dothi, ong'aluka m'mphindi, zala ngati chinangwa.

"Adada," anatero Mtende mofatsa, "munayamba mwakonzapo?"

"Ndinkaona."

"Inenso ndimaona ndege zikudutsa," anatero a Phyllis, "koma sindinapemphepo kuti ndiyendetse. Alamu, apongozi ake a mwanayu akuchokera ku Ntcheu ndi basi yodzaza. Mukufuna akanene kwawo kuti ku Rumphi mkwatibwi amamukonza ndi woumba njerwa?"

"Eya."

"Eya chiyani?"

"Akanene."

Mtende anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. A Phyllis anawomba m'manja kamodzi.

"Chabwino. Pofuna kuti musadzati mlamu wanu ndi mfiti, yesani pa ine. Loweruka lino m'mawa. Zikakhala mpaka Lachinayi, mwana ndi wanu. Chikagwa ngakhale chimodzi, tikupita ku Mzuzu, ndipo chitini chija mupereka."

"Yewo."

Akuzike anandibweretsera botolo latsopano la mankhwala kuchokera ku Mzuzu, chifukwa lakale linali litauma. Sanafunse kanthu. Ndinamukondera pomwepo.

Loweruka a Phyllis anafika dzuwa lisanakwere, n'kukhala pampando wa makasitomala a Ida, n'kutambasula manja pa tebulo limene ndinakhoma ndekha.

"Ndapemphera kale," anatero. "Yambani."

Ndinayamba ndi kachala kakang'ono ka kumanzere. Ndinachita monga ndinkaonera. Ndinakankha kakhungu ka m'mphepete, n'kupala chikhadabo pang'ono ndi fayilo kuti chisiye kunyezimira, n'kupukuta ndi sipiriti. Ndinayeza tizikombole mpaka ndinapeza kokwana. Kampira koyamba kanatuluka kamadzi kwambiri, kachiwiri kouma ngati gaga. Kachitatu kanali bwino. Ndinakayala m'kachikombole, kopyapyala chakumunsi, kokhuthala pakati, n'kudinda.

"Fungo ili," anatero a Phyllis. "Mng'ono wanga anapirira zambiri. Fungo ili, ndi inu."

Ndinawerenga mpaka makumi atatu mumtima, n'kukoka kachikombole. Sikanachoke. Ndinakokanso.

"Mayo! Mundizula chala! Mukuyesa ndi chinangwa chimenechi?"

Ndinasiya. Ndinakhala kaye n'kuganiza. Chikombole ndi chikombole. Cha njerwa chikakakamira, timachinyowetsa n'kuwazamo mchenga. Oumba mabuloko a simenti amapaka oyilo. Mchenga sungayenere pa zala za munthu. Ndinapita kukhitchini, n'kubwera ndi mafuta ophikira m'kachivindikiro ka botolo, ndi nthenga ya nkhuku.

"Mukufuna kundikazinga?"

"Ayi."

"Ida sindinamuonepo ndi nthenga."

"Ida sanali woumba njerwa."

Kachala koyamba kaja ndinakasiya ndi kachikombole kake. Zala zisanu ndi zinayi zotsalazo ndinkayamba ndapaka mafuta m'kachikombole ndi nthenga, n'kusalaza ndi chala changa. Zinayenda ngati madzi. Ndikangokoka pang'ono, kachikombole kankatsetsereka kokha. Nditamaliza ndinabwerera ku kachala koyamba. Ndinangokakhudza, kachikombole n'kudumpha kokha, thapu, kugwera pa tebulo. Sindinaganizepo kanthu. Ndinapala nsonga zonse ndi fayilo kuti zifanane.

A Phyllis anatambasula manja padzuwa, n'kuwatembenuza uku ndi uku. Anayang'ana nthawi yaitali, akufunafuna cholakwika.

"Hmm," anatero.

Kwa a Phyllis, hmm ndi mendulo. Anapita kwawo akuyenda manja ali patsogolo ngati anyamula thireyi.

Lolemba m'mawa ndinali kudambo, pa uvuni umene tinaotcha sabata yapitayo ndi mnzanga Manasseh. Tinali kuphwasula. Ndinangomva Manasseh akuti, "A Msowoya, kukubwera mvula, koma kumwamba kulibe mtambo."

A Phyllis ankatsika ndi njira ya kudambo atavala yunifolomu ya Umanyano, gulu la amayi a mumpingo. Atafika sanapereke moni. Anandipatsa bokosi la machesi.

"Katundu wanu."

Ndinatsegula. Munali zikhadabo zapinki, zogonekedwa bwinobwino ngati usipa.

"Werengani."

"Zisanu ndi zinayi."

"Ichi chinauluka kutchalitchi dzulo, tikuwomba m'manja. Chinakagwera pa buku la nyimbo la amayi abusa. Izi ziwiri, pochapa. Ichi ndinachipeza pa pilo. Izi zitatu zinangochoka zokha, ngati antchito osalipidwa. Ichi ndikupesa tsitsi." Anatola chomaliza ndi zala ziwiri. "Ndipo ichi, alamu, anandibweretsera ndi aphunzitsi a masamu lero m'mawa. Anachipeza mkati mwa ndasi limene anagula kwa ine. Anati, amama, masiku ano mukuikamo mphatso?"

Manasseh anapita kuseri kwa uvuni. Ndinkamumva akutsokomola.

"Chatsala chimodzi," ndinatero.

A Phyllis anakweza kachala kakang'ono ka kumanzere. Chikhadabo chinali pompo, chowala.

"Ichi ndachiyesa ndi mano omwe, chakana. Ndi chamakani ngati mwini wake. Koma pangano ndi pangano. Lachisanu Mzuzu. Chitini mubweretse Lachinayi ku komiti."

"Lachinayi silinafike."

"Ndiye?"

"Silinafike."

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kubwerera. Bokosi la machesi anandisiyira.

Tsiku lonselo ndinagwira ntchito mutu uli pa kachala kaja. Zisanu ndi zinayi zinagwa, chimodzi chinakhala. Chimene chinakhala ndi chija sindinachipake mafuta. Apo panali poyera. Mafuta anali pa zala zanga, ndipo zala zomwezo ndi zimene zinkagwira zikhadabo za a Phyllis ndi burashi yomwe. Ndinakumbuka Ida akundithamangitsa pakhonde: "Mwadya mandasi inu, musandigwirire zinthu!" Ndinakumbukanso kuti kasitomala akabwera atadzola, ankamutuma kaye kukasamba m'manja ndi sopo. Ine ndinkayesa ndi ukhondo chabe.

Koma popanda mafuta kachikombole kamakakamira. Apo ndiye panandivuta.

Masana tinkasankha njerwa. Njerwa yakupsa siidziwika ndi maso. Umaigogoda ndi chitsulo. Yakupsa imalira ngwe, yosapsa imangoti phu. Ndinagogoda imodzi, ngwe. Ina, phu. Ina, ngwe. Ndinaima, chitsulo chili m'manja.

Ida ankagogoda. Akadinda kachikombole, ankapitiriza nkhani ndi kasitomala, za mitengo ya shuga, za amuna, za kwaya, uku akugogoda pamwamba pa kachikombole ndi mpini wa burashi. Ko, ko. Nkhani. Ko, ko. Nkhani. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkayesa ndi chizolowezi cha munthu wokonda kucheza. Kani ankamvetsera kulira kwake. Sankakoka msanga. Ankadikira zipse. Kachala ka a Phyllis kanadumpha kokha chifukwa ndinakaiwala nthawi yokwanira.

"A Msowoya, mwaona njoka?" anafunsa Manasseh.

"Ayi."

"Nanga mwaumiranji ngati chiguduli?"

"Ndamva."

"Mwamva chiyani?"

"Akazi anga."

Manasseh anasuntha pang'ono, n'kuyang'ana kumbuyo kwake.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinatsuka tizikombole tonse kawiri ndi sopo, n'kutipukuta ndi sipiriti. Burashi ndinainyika m'mankhwala mpaka mafuta onse anatha. Nthenga ndinataya.

A Phyllis sakanandipatsanso manja awo. Pa Mtende sindikanayesera. Panatsala manja amodzi.

Lachiwiri m'mawa kwambiri, kusanatenthe, ndinakhala pa tebulo la Ida. Okutobala wa kuno saleza mtima, ndipo Ida ankati kukatentha ufa umauma usanauyale. Ndinasamba m'manja katatu. Ndinasankha zala zitatu zapakati za kumanzere. Tizikombole tokwana zala zanga tinali tija tatikulutikulu timene Ida sankatigwiritsa ntchito kawirikawiri. Popeza dzanja lodindira linali limodzi, ndinapanira kachikombole ndi pegi ya pachingwe cha zovala.

Ndinagogoda ndi mpini wa burashi. Phu. Ndinadikira. Nkhuku inadutsa. Phu. Ndinadikira. Mwana wa sukulu anandipatsa moni ali kumsewu, ndinabisa dzanja pansi pa tebulo. Ndinagogodanso. Ngwe.

Sindinakoke. Ndinafinya kachikombole m'mbali, n'kukagwedeza pang'ono uku ndi uku monga ankachitira Ida. Thapu.

Ndinachita zitatu zonse. Sindinazifupikitse. Ndinazisiya kutalika kofanana ndi za a Phyllis, kuti pasadzakhale chonena. Kenako ndinavala chipewa n'kupita kuntchito.

Tsiku limenelo tinkapakira njerwa m'lole. Manasseh ankandiponyera, ine n'kumawakha. Njerwa yachitatu isanafike, anasiya kuponya.

"A Msowoya."

"Eya."

"Tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Mwapeza banja, kapena banja lakupezani?"

"Ponyani."

"Ine sindikuletsani. Masiku ano ufulu. Koma mtundu wake! Bwanji osasankha wofiirira, woyenera munthu wamkulu mumpingo?"

"Ulipo ndi womwewu."

"Adalaivala! Tsikani mudzaone! A Msowoya aphuka maluwa!"

Adalaivala anatsika. Anatsikanso amayi awiri amene anapempha matola. Mmodzi anagwira dzanja langa, n'kuliyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti ndinakonzetsa kuti. Ndinati kunyumba. Anati, "Zakhala bwino chomene. Koma dzanjalo ndiye lolakwika."

Ndinapakira njerwa Lachiwiri. Lachitatu ndinaponda dothi, n'kuumba mpaka masana, zala zikulowa m'matope mpaka m'mphindi. Lachinayi m'mawa ndinawaza nkhuni za uvuni wina. Pobwerera ndinasamba m'manja. Zitatu zonse zinalipo. Zinali zitakalika, pinki yake itazilala, koma m'mphepete munalibe polowa ndi singano yomwe.

Komiti inakumana masana. A Phyllis anafika ndi chikwama chachikulu, choti chitini chilowemo. Anakamba za galimoto ya akwati ndi za anthu ogawa chakudya. Kenako anati, "Tsopano, alamu, katundu wa mng'ono wanga."

Ndinaika dzanja lamanzere pa tebulo.

Mtende anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso dzanjalo. Kenako anagwa pa phewa la mayi amene anali naye pafupi, akuseka mpaka misozi.

"Adada! Mwayenda nazo chonchi? Pamsewu?"

"Eya."

"Masiku angati?"

"Atatu. Njerwa, dothi, nkhuni."

A Phyllis sanaseke. Anakoka dzanja langa ngati akugula nsomba. Anakanda ndi chikhadabo chawo chimodzi chija. Anatenga kasupuni ka tiyi n'kuyesa kutema m'mphepete. Anayesa chala chachiwiri. Anayesa chachitatu, akuluma mlomo. Kasupuni kanapindika.

"Mwaika simenti."

"Ayi."

"Guluu wa nsapato."

"Ayi. Ndachotsa mafuta. Ndadikira."

"Basi?"

"Basi."

Anabweza kasupuni m'mbale. "Zagwira, sindikana. Koma pangano linali pa manja anga, osati pa makasu anuwa. Alamu, ukwati ndi tsiku limodzi. Mwana uyu mayi ake kulibe. Ine ndikufuna aoneke ngati mayi ake alipo. N'chifukwa chake ndikulimbana nanu. Mukuyesa ndimakonda kukangana?"

"Eya," anatero mayi wina chapansipansi.

Ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini. A Phyllis anatsegula chikwama chawo. Koma ine ndinatsegula chitini, n'kuchotsa thonje, n'kuwapatsa kathumba ka mapiritsi.

Anakatengera kutali ndi maso, monga amachitira akaiwala magalasi. Anawerenga. Malembo a Ida ndi osasowa, opendekera kumbuyo ngati chimanga cha pamphepo. Anawerenganso. Anapatsira Mtende.

"Tsiku lija," anatero Mtende. Mawu ake anali atachepa. "Tsiku lija ankandiyeza zala... ndinkayesa akungofuna kundigwira manja."

"Anati pakhonde pano," ndinatero.

A Phyllis anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kumina, n'kundiyang'ana mwaukali.

"Chaka ndi theka, alamu. Chaka ndi theka ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinu munthu woumira, wokaniza ndi makoko a pulasitiki omwe. Pakamwa panupo munamata ndi chiyani? Osanena bwanji?"

"Simunafunse."

"Ndinafunsa!"

"Munati bweretsani."

Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Izi sizichitika kawirikawiri.

"Amama aakulu," anatero Mtende, "tsitsi ndi nkhope tipite ku Mzuzu. Zala ndi za adada."

"Zikakagwera mu keke, ine ndidzaima pa maikolofoni n'kutchula dzina lake lonse. Hezron Msowoya, woumba njerwa."

"Yewo," ndinatero.

Lachisanu tinayamba dzuwa likungotuluka, kuti Mtende ndi a Phyllis akwere minibasi ya m'mawa yopita ku Mzuzu. A Phyllis anafika oyamba, n'kudziika okha kukhala mlonda wa mafuta. Anamusambitsa Mtende m'manja ngati khanda. Mnzake wa Mtende atabwera ndi mandasi otentha, anamubweza ali pa masitepe. "Pita nazo uko! Ukufuna kutiphera ukwati?" Inenso anandinunkhiza zala asanandilole kukhala.

Ndinakhuthula kathumba pa nsalu yoyera. Tizikombole khumi. Ida anali atatidinda timadontho ta polishi, tofiira kumanja, toyera kumanzere. Ndinayamba kuyeza. Kalikonse kankakhala pa chala chake ngati kanabadwira pomwepo. Kachisanu ndi chinayi kanakwana. Kakhumi, ka chala chachikulu cha kumanja, kanakana. Kankasiya mpata mbali imodzi.

Ndinakatembenuza. Ndinakakanikiza. Kanatambasuka pang'ono, ndikasiya n'kubwerera.

"Ndi chija chinapanidwa ndi chitseko cha minibasi chaka chatha," anatero Mtende. "Chikhadabo chinachoka, chinamera chachikulu."

"Kakwana."

"Sikakukwana, alamu," anatero a Phyllis. "Ndi maso anga opanda magalasi ndikuona."

"Ida anasankha aka."

Ndinakanikizanso. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene Ida ankanena: kachikombole kokakamiza kamabwezera, mawa lake chikhadabo chimatukuka. Ukakayika, tenga kokulirapo, upale m'mbali. Ndinkadziwa. Koma chala changa sichinkafuna kuchoka pa kadontho kofiira kaja.

Mtende anaika dzanja lake lina pamwamba pa langa.

"Adada, amama anasankhira chala chakale. Ichi sanachione. Ichi musankhe ndinu."

Ndinachotsa chala changa pa kadonthoko. Kenako ndinabweza kachikomboleko m'kathumba kake, n'kuvundula m'chitini. Ndinayesa kawiri. Kachitatu kanakwana, kongofunika kupala pang'ono mbali imodzi.

Ndinagwira chala chimodzichimodzi, osathamanga. Kupala, sipiriti, kampira, kuyala, kudinda. Zotuluka m'mbali ndinkachotsa ndi nsonga ya burashi zisanaume. Kenako kugogoda. Phu. Pamenepa Ida ankadzaza ndi nkhani. Ine nkhani ndilibe. Koma a Phyllis analipo. Anafotokoza za ukwati wanga ndi Ida, mmene ndinayankhira abusa motsitsa mpaka anandifunsa katatu, ndi mmene agogo ena anafuulira kumbuyo kuti, "Wavomera, tamuona mutu!" Mtende ankaseka, ine n'kumamuuza kuti asagwedeze dzanja.

"Gogodani, alamu, mwaiwala."

Ngwe. Thapu.

Khumi zonse zitatha, ndinapala nsonga, n'kusalaza, n'kupukuta fumbi. Mtende anatambasula manja. Anangowayang'ana, n'kuyang'ana mpando wopanda munthu umene unali pakona pa khonde. A Phyllis anagwira chala chachikulu cha kumanja, n'kuchiyerekeza ndi zinzake.

"Hmm," anatero. "Ichi ndiye chaposa."

Atapita ku Mzuzu ndinakumbuka za dzanja langa. Mankhwala osungunulira zikhadabo zotere anali atauma kalekale m'botolo, ndipo Akuzike sindinamutume amenewo. Ndinayesa madzi otentha. Ndinayesa palafini. Zinakana. Ndinangozifupikitsa ndi fayilo. Pinki inatsala.

Loweruka ndinavala suti yanga yakuda. Mtende anagwira mkono wanga pakhomo la tchalitchi, zala zake khumi zikuwala pa nsalu yakudayo. Tinayenda pang'onopang'ono. Abusa atafunsa wopereka mwanayu, ndinayankha kamodzi, ndipo anamva. Ndinatenga dzanja la Mtende n'kuliika m'dzanja la Akuzike. Mnyamatayo anayang'ana pansi, n'kuona zala zanga zitatu. Sanaseke. Ndi mwana wabwino.

Mphete inalowa. Ku holo anavina, anawomba m'manja, anadula keke, anagwirana chanza ndi basi yonse ya ku Ntcheu. A Phyllis ankadutsa pafupi ndi tebulo la akwati kawirikawiri, milomo ikuyenda. Ankawerenga. Nthawi iliyonse ankapeza khumi.

Nthawi ya chakudya, amayi ake a Akuzike, a Catherine, anabwera kudzakhala pafupi nane.

"Asewere, mwatilandira bwino. Koma ndifunseko. Zala za mpongozi wangayu anakonza ndani? Ku Mzuzu eti?"

"Pakhonde."

"Pakhonde pa ndani?"

"Pathu."

Anayang'ana dzanja langa limene linagwira foloko. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi mwambo wa kuno, asewere? Bambo a mkwatibwi nawonso...?"

A Phyllis anali kumbuyo kwathu ndi mbale ya nkhuku. "Si mwambo, amama," anatero. "Ndi sampulo. Amene wakonza ndi yemweyu, ndi zida za malemu mng'ono wanga. Mukakafika ku Ntcheu mukanene."

Lolemba m'mawa ndinatsuka tizikombole ndi mswachi, n'kutiyanika pa nsalu. Tisanu ndi tinayi ndinabweza m'kathumba ka mapiritsi, pamodzi ndi kaja kanakana. Kaja ndinasankha ine ndinakaikamonso. Tinakhala khumi ndi kamodzi. Ndikutseka chitini, ndinamva mapazi pa masitepe.

A Phyllis anakhala pampando wa makasitomala osaitanidwa. Chikwama chachikulu chija analibe. Anatambasula manja pa tebulo, kachala kamodzi kapinki, zisanu ndi zinayi zopanda kanthu.

"Ndasamba katatu," anatero. "Mandasi sindinakande. Sindingayende m'mudzi muno ndi chimodzi ngati tambala wothothoka. Malizani ntchito yanu."

Kudambo Manasseh ankandidikira. Ndinayang'ana dzuwa. Linali lisanakwere.

Ndinatsegula chitini.

"Ndipo ndikaona nthenga, alamu, ndikuitanirani apolisi."

"Yewo," ndinatero, n'kunyika burashi.